Mlendo ndi Koloko ya Eni Dziko

Akuru akale anati, "Safunsa anadya phula." Mwambi umenewu ndi woona, ndipo palibe mwana wa sukulu amene sanaumve kwa makolo kapena kwa aphunzitsi ace. Koma pali munthu wina amene mwambiwu sumchula. Ndiye uja amene afunsa ndithu, nayankhidwa zoona zokha zokha, koma nadyabe phula, cifukwa yankholo walimva ndi makutu a kwao. Pa maulendo a ku maiko a eni, munthu wotere ndiye amasokera kawiri kawiri koposa mnzace amene sadziwa kanthu konse.

Zimenezi zinaoneka bwino pa ulendo wa mai wina wamalonda wa ku Lusaka, amene anapita ku Dar es Salaam, m'dziko la Tanzania, kukagula nsaru ndi nsapato zodzagulitsa pa msika. Unali ulendo wace woyamba kuturuka m'dziko la Zambia. Ndalama zimene anamanga m'ciuno sizinali zace zokha ai. Zina anakongola kwa mlongo wace, zina zinali za cilimba, ndipo anzace a pa msika anali kuyembekeza kuti mwezi ukatha iyenso adzaponya gawo lace monga mwa pangano.

Popita anakwera sitima ya pamtunda pa Kapiri Mposhi. Njanji imeneyi, dzina lace TAZARA, inamangidwa kuyambira mu 1970 kufikira mu 1975 ndi cithandizo ca dziko la China. Kenneth Kaunda ndi Julius Nyerere anaifuna kuti mkuwa wa Zambia upeze njira ya ku nyanja yosadzera ku Rhodesia, kumene Ian Smith anali atadzitengera ulamuliro mu 1965. Utali wace ndi makilomita 1,860. Ipita ku Serenje, Mpika ndi Kasama, nituruka m'Zambia pa Nakonde, nilowa m'Tanzania pa Tunduma, nidutsa m'maiko ozizira a ku Mbeya ndi Makambako, nitsikira ku cigwa cotentha ca Kilombero kufikira ku nyanja ya mcere. Pa malire paja anthu onse a m'sitima anali kuuzana kuti nthawi ya ku Tanzania iri patsogolo ndi ola limodzi, ndipo maiyo anakankha wochi yace monga anacitira anzace. Kusiyana kumene anthu onse akulengeza sikupweteka munthu.

Atadutsa malire anayamba kumva Ciswahili kwa ogulitsa zakudya pa mazenera, ndipo mtima wace unakhala pansi. Madzi anali maji, nkhuku inali kuku, njira inali njia, nyama inali nyama yomweyo. Powerenga ndalama anali kunena moja, mbili, tatu, nne, tano, ndipo khumi linali kumi. Maiyo anati mumtima mwace, "Ha! Cinenero ici ndi Cinyanja comwe, angocipinda lilime." Sanalakwe kwenikweni, pakuti zinenero ziwirizi ndi za pfuko limodzi, monga ana a mai mmodzi okulira ku midzi yosiyana. Koma kuyambira pomwepo analeka kuopa, ndipo ataleka kuopa analekanso kuchera khutu.

Masiku atatu anagula katundu wace ku Kariakoo, msika waukuru wa mzindawo, kumene amalonda a ku Zambia, Malawi ndi Congo asonkhana caka conse. Dzina la msikawu linacokera ku mau a Cingerezi akuti Carrier Corps, ndiwo atengatenga a pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, amene anali ndi msasa wao pamalopo. Atatha kugula anaganiza zobwerera pa basi, pakuti sitima ya anthu sinyamuka tsiku liri lonse. Analowa mu ofesi ina ya mabasi, nagula tikiti ya ku Tunduma, ulendo wa makilomita oposa 900, napereka mitolo yace itatu kuti ikaikidwe m'basi madzulo omwewo. Anafunsanso nthawi, monga ayenera kucita munthu wanzeru. Kalaliki anayankha nati, "Mama, basi linaondoka Mbezi saa kumi na mbili asubuhi." Ndipo pa tikiti analemba 12:00.

Maiyo anamva kuti Mbezi ndi dzina la malo. Anamvanso kumi na mbili, nadziwa kuti ndi khumi ndi ziwiri, ndipo tikiti inacitira umboni. Liu lotsiriza lija, asubuhi, silinafanane ndi liu liri lonse la Cinyanja, cotero analitaya monga mkazi ataya kamwala posankha mpunga. Koma liu limenelo ndilo linali ndi nkhani yonse, pakuti litanthauza m'mawa.

M'mawa mwace anadzuka dzuwa litakwera, nadya, natsazika mwini nyumba ya alendo, naturuka 9 koloko kuti akafike nthawi ikalipo. Mu mzindamo anthu ayenda pa timabasi timene eni ace ati daladala. Anaimika yoyamba imene inadza, nafunsa kondakitala ndi liu limodzi lokha, nati, "Mbezi?" Kondakitala anabvomera ndi mutu, ndipo sananame, pakuti galimoto yace inali kudzeradi ku Mbezi. Koma ku Dar es Salaam kuli Mbezi ziwiri. Ina iri cakumpoto, kufupi ndi nyanja, pa mseu wa ku Bagamoyo. Inzace iri cakumadzulo, pa mseu wa ku Morogoro, ndipo kumeneko ndiko kuli siteshoni yaikuru ya mabasi a kutali, imene inatsegulidwa mu 2021 m'malo mwa yakale ya ku Ubungo. Maiyo anatsitsidwa ku Mbezi ya kunyanja, naona masitolo ndi nyumba za mipanda, koma basi ya kutali panalibe ngakhale imodzi.

Pamene anazindikira kulakwa kwace, 10 koloko inali itapitirira. Anakwera njinga yamoto, cinthu cimene anali kuciopa moyo wace wonse, nalipira mtengo umene woyendetsa anachula osatsitsa konse, nadutsa ku Goba atatsinzina maso. Anafika pa siteshoni yeni yeni kutatsala mphindi 20 kuti 12 koloko ikwane, thukuta liri kamu kamu, akuyamika kuti wapulumuka. Anaonetsa tikiti yace kwa munthu wa pa cipata. Munthuyo anaiyang'ana, nayang'ana maiyo, napukusa mutu ndi cisoni. Basi inali itanyamuka m'banda kuca, ndipo pa nthawiyo inali itapitirira kale Morogoro, mitolo itatu ija iri m'mimba mwace.

Maiyo anapsa mtima. Analoza 12:00 ya pa tikiti, nalozanso wochi yace. Munthu wa pa cipata analoza 12:00 yomweyo, naloza kum'mawa kumene dzuwa lituruka. Onse awiri anali kunena zoona, ndipo ici ndico ciyenera kumvetsedwa bwino.

Anthu olankhula Ciswahili sayamba kuwerenga maola pakati pa usiku, monga ucitira mwambo umene unadza ndi Azungu. Iwo ayamba dzuwa likaturuka. Likapita ola limodzi citurukire dzuwa, ati saa moja, ndiyo 7 koloko ya m'mawa. Saa mbili ndi 8 koloko, pamene ana ali kale m'kalasi. Dzuwa likafika pa liombo apita maola asanu ndi limodzi, cotero masana eni eni ndiwo saa sita. Likamalowa, maola 12 a usana akwanira, ndipo ayambanso kuwerenga a usiku, kotero kuti 7 koloko ya madzulo ikhalanso saa moja, koma ya usiku. Tsono ola lotsiriza la usiku, la khumi ndi ciwiri, litha pamene kukuca. Saa kumi na mbili asubuhi ndi 6 koloko ya m'mawa. Mwana amene ali ndi koloko pafupi angathe kudzionera yekha. Ayang'ane nambala imene iri tsidya lina la imene mubvi waufupi waloza: 7 ayang'anana ndi 1, 9 ayang'anana ndi 3, ndipo 6 ayang'anana ndi 12. Nambala ya tsidya linayo ndiyo ola la Ciswahili.

Ngakhale nthawi yonyamukayo inali ndi cifukwa cace. Kwa zaka zambiri mabasi a kutali m'Tanzania sanali kuloledwa kuyenda usiku wonse, ndipo lamulolo linamasulidwa mu 2023. Cifukwa cace unakhala mwambo kuti basi ya ulendo wautali inyamuke kukangoyera. Munthu wa komweko, ngakhale mwana, akamva kuti basi ya ku Tunduma inyamuka saa kumi na mbili, sangaganize za masana konse.

Ena akamva zimenezi aseka, nati anthu a ku Tanzania aimika koloko cadodolido. Kuseka kumeneku ndi kwa umbuli. Kodi ndani anaona ndi maso ace tsiku likuyamba pakati pa usiku, pamene mudzi wonse uli m'tulo ndipo pabwalo payenda afisi okha? Makolo a kuno, koloko isanafike, ankapangana za ulendo ponena kuti, "Tambala woyamba akalira," kapena kuti, "Dzuwa likafika apa," akuloza kumwamba ndi dzanja. Kwa iwonso tsiku linali kuyamba ndi kuwala. M'mabuku a Uthenga Wabwino maola awerengedwa momwemo, ndipo anchito a m'munda wa mphesa aja amene analembedwa pa ola la khumi ndi limodzi, analembedwa dzuwa liri pafupi kulowa, osati cakumasana ai. Anthu a ku Ethiopia awerenga cimodzimodzi kufikira lero lino.

Ndiponso mwambowu uyenera dziko lace. Maiko a Ciswahili ali pafupi ndi mzere wa ikweta, kumene usana ndi usiku zikhala pafupi kulingana caka conse, ndipo kuturuka kwa dzuwa sikusuntha kwambiri. Kumeneko dzuwa ndi koloko yokhulupirika. Koma ku London, m'mwezi wa June dzuwa lituruka 5 koloko isanakwane, ndipo kumapeto kwa December lituruka 8 koloko itapitirira. Anthu a kumeneko akadayamba kuwerenga pa kuturuka kwa dzuwa, maola ao akadakhala osuntha suntha monga mcenga wa mumtsinje. Iwo anasankha cowayenera, ndipo a ku gombe la Africa anasankha cowayenera. Coposa apo, munthu wa ku Dar es Salaam amene anapita ku sukulu asunga makoloko awiri m'mutu mwace. Akalankhula Cingerezi achula ola monga licitidwa ku Lusaka, akalankhula Ciswahili achula la kwao, ndipo sasokoneza. Wosowa nzeru pa nkhani iyi si iye.

Masiku a sabata ali ndi msampha wonga womwewu, ndipo ukola Anyanja koposa Azungu. M'Cinyanja masiku awerengedwa kuyambira pa tsiku loyamba nchito: Lolemba, Laciwiri, Lacitatu, Lacinai, Lacisanu, ndi Loweruka, tsiku loweruka ku nchito. M'Ciswahili tsiku lalikuru ndi Ijumaa, tsiku limene Asilamu asonkhana ku mzikiti, ndilo Lacisanu, ndipo kuwerenga kuyamba m'mawa mwace. Loweruka ndi Jumamosi, tsiku loyamba. Sabata ndi Jumapili, tsiku laciwiri. Lolemba ndi Jumatatu, Laciwiri ndi Jumanne, Lacitatu ndi Jumatano. Pambuyo pace padza Alhamisi, liu la Ciarabu limene litanthauzanso lacisanu, kotero kuti sabata ya Ciswahili iri ndi masiku acisanu awiri otsatana, ndipo eni ace sabvutika nazo. Tsono Mzungu akamva Jumatatu sadziwa kanthu, naturutsa buku lace, napeza kuti ndi Lolemba. Koma Mnyanja akamva tatu, mtima wace ulumphira pa Lacitatu, nakafika masiku awiri atapita. Kwa zaka zambiri sitima ya anthu ya TAZARA inkanyamuka ku Dar es Salaam Laciwiri ndi Lacisanu. Munthu wouzidwa kuti Jumanne, akamva nne nakumbuka nai, akadafika pa siteshoni Lacinai, sitima itatsala pang'ono kulowa m'Kapiri Mposhi. Ngakhale liu lakuti jana, limene khutu la Mnyanja limva ngati dzana, litanthauza dzulo.

Apa ndipo pali mutu wa nkhani. Amalonda a ku Zambia amene apita ku Guangzhou m'dziko la China apeza zilembo zimene sangathe kuwerenga ndi mau amene safanana ndi liu liri lonse la kwao. Munthu wotere adziwa kuti ndi mbuli. Ayenda ndi kapepala kolembedwa dzina la nyumba imene agona, aonetsa kwa woyendetsa galimoto, afunsa kawiri katatu, ndipo satsika kufikira atatsimikiza. Umbuli wace umsunga monga ndodo isunga wakhungu. Koma ku Tanzania magalimoto ayenda kumanzere monga ku Zambia, anthu adya nsima imene ati ugali, nkhope zao ndi zonga za abale, ndipo pa mau ambiri amene mlendo amva pali ena amene awazindikira. Pamenepo mlendo ataya ndodo. Mau amene awadziwa awatola, amene sawadziwa awadzaza ndi maganizo a kwao, ndipo sazindikira kuti wadzaza. Mtsinje woopsa anthu auoloka bwino, cifukwa afuna bwato. Womiza anthu ndi uja wooneka ngati wa kumudzi kwao.

Pali ena amene anganene kuti mlandu ndi wa kalaliki, pakuti anaona kuti maiyo ndi mlendo, ndipo akadaonjeza liu limodzi. Mau amenewa ali ndi coonadi pang'ono. Munthu amene agulitsa matikiti kwa alendo tsiku ndi tsiku acita bwino akazolowera kulemba nthawi m'njira zonse ziwiri, ndipo nchito yace sicuruka nazo. Koma mlendo amene aika ciyembekezo cace pa zimenezi wamanga nyumba pa mcenga. Munthu saona cacilendo m'mwambo wa kwao, monga samva pfungo la m'nyumba mwace. Kalaliki uja ananena saa kumi na mbili kwa anthu ambiri tsiku limenelo, ndipo onse anafika pa nthawi yace.

Wofuna kuyesa zimenezi ayang'ane za m'Zambia momwe. Mlendo wa ku Tanzania akafika ku Kapiri Mposhi nafunsa njira ya ku siteshoni, ndani akumbuka kumuuza kuti ziripo ziwiri, ya TAZARA ndi ya njanji ya ku Lusaka ndi ku Migodi, ndi kuti siziri pamalo amodzi? Akafika ku Lusaka nafunsa za mabasi, wina amloza ku Intercity, wina ku Kulima Tower, wina ku City Market, yense monga waganizira, osafunsa kumene mlendoyo apita. Akakwera kabasi, kondakitala amuuza kuti inyamuka tsopano apa. Mwana wa m'Lusaka adziwa kuti tsopano apa atanthauza pamene mipando yonse yadzala, kapena patapita mphindi zisanu, kapena patapita ola lathunthu. Mlendo sadziwa, ndipo akhala akuyang'ana wochi yace ndi mtima wowawa, naganiza kuti anthu a dziko lino ndi abodza. Si abodza. Alankhula monga alankhulira kwa eni anzao, ndipo sanaganizepo kuti mau ao angamveke mwina.

Enanso anganene kuti mabvuto otere anatha, pakuti masiku ano munthu ali yense ayenda ndi lamya ya m'manja imene iri ndi mapu ndi koloko. Lamya ithandiza ndithu. Ikadutsa malire ikonza yokha ola limodzi lija, ndipo ingathe kumasulira liu lakuti asubuhi m'kuphethira kwa diso. Koma lamya iyankha cimene yafunsidwa cokha. Maiyo anali nayo lamya m'thumba mwace, ndipo sanaifunse kanthu, cifukwa sanadziwe kuti pali cofunsa. Akadaiuza kuti imdzutse, akadaiuza za 12 koloko yomweyo. Cida ciri conse cithandiza munthu amene akayika. Amene watsimikiza zolakwa, cida cingomfulumizitsa kukafika kumene sayenera kupita, monga inacitira njinga yamoto ija.

Cofunika tsono ndi kafunsidwe. Funso la liu limodzi libala yankho la liu limodzi, ndipo "Mbezi?" ndi funso losauka. Akadati, ngakhale ndi Ciswahili cothyoka, kuti afuna Mbezi ya mabasi a ku Tunduma, kondakitala akadamloza ku galimoto ina. Ndiponso yankho likalandiridwa, liyenera kubwezedwa kwa mwini wace litabvala zobvala zina. Wouzidwa ola afunse kuti pa nthawiyo dzuwa likhala pati, kapena aloze pa wochi ndi cala. Wouzidwa tsiku awerenge pa zala kuti agona kangati lisanafike. Zala ndi dzuwa ziribe cinenero, ndipo zikagwirizana ndi mau, pamenepo munthu angathe kukagona tulo. Zikasemphana, msampha waonekera usanafwamphuke. Koposa zonse, liu limene silinamveke lisatayidwe. Kawiri kawiri ndilo lasenza katundu.

Coletsa anthu kucita zimenezi si ulesi koma manyazi. Munthu wamkuru, amene kwao anthu amfunsa nzeru, safuna kuoneka wopusa pamaso pa kalaliki wa msinkhu wa mwana wace. Abvomera ndi mutu msanga, kuti anthu a pambuyo pace pa mzere asamuone ngati wakumudzi. Manyazi amenewa ndi okwera mtengo. Kwa maiyo mtengo wace unali tikiti yaciwiri, usiku wina m'nyumba ya alendo, cakudya ca tsiku lina, ndi ndalama za njinga yamoto, ndipo zonse pamodzi zinadya gawo lalikuru la phindu limene anadzera. Pa nkhani imeneyi ana a sukulu ali ndi mwai umene akuru alibe. Mwana azolowera kuimika dzanja m'kalasi ndi kunena kuti sanamve, ndipo palibe amseka. Ana ambiri a m'makalasi apamwamba aperekeza amai ao kapena agogo ao pa maulendo, nakhala owerengera zikwangwani ndi matikiti. Mwana wotere akamva kanthu kokaikitsa, asakhale cete poopa kucititsa akuru manyazi. Afunsenso mwaulemu m'malo mwao, pakuti funso limene lilemera pakamwa pa agogo lipepuka pakamwa pa mdzukulu.

Maiyo, mkwiyo utatha, anakhala pa benci nalira, pakuti anaganiza za mlongo wace ndi za anzace a cilimba. Mai wina wogulitsa tiyi pa siteshonipo, amene sanadziwe Cinyanja ngakhale liu limodzi, anampatsa kapu ya tiyi, namgwira pa dzanja, napita naye ku ofesi ya basi ija. Kumeneko anaimba lamya kwa kondakitala amene anali pa njira, ndipo iye anabvomera kusunga mitolo itatu mu ofesi ya ku Tunduma kufikira mwini wace atafika.

Pogula tikiti yaciwiri, kalaliki wa kumeneko ananenanso mau omwe aja, nalembanso 12:00. Maiyo anabvula wochi yace naiika pa thebulo, nati m'Cinyanja, "Mwananga, ndilozere ndi cala." Mnyamatayo anaseka, naloza pa 6. Maiyo sanakhutire. Anaturuka naye pakhomo, naloza kum'mawa, naloza pa liombo, nayang'ana nkhope yace. Mnyamatayo analoza kum'mawa, pansi peni peni, natsinzina maso monga munthu wogona, kuonetsa kuti afike kukali mdima.

Usiku umenewo anagona m'nyumba ya alendo yoyandikana ndi siteshoni, wochi iri pa mtsamiro. Analowa m'basi nyenyezi zikali kuoneka, nakhala pa mpando wace anthu ena asanafike. Anafika ku Tunduma usiku, napeza ofesi yotseka, nagona pa khonde lace pamodzi ndi amai ena a ulendo. M'mawa anapeza mitolo yace itatu pa ngondya, yomangidwa monga anaimangira. Anailembetsa kwa a msonkho, naolokera ku Nakonde, ndipo pamenepo anabweza wochi yace m'mbuyo ndi ola limodzi, nayamba kufunsa za basi ya ku Lusaka.